Makina Oyezera Makutu Omwe Tinapanga ku Phalombe

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza ndakuuzani mpaka kukutopetsani, ndiye muno sindizibwereza. Ndikufuna ndikusiyireni mbiri ya ntchito, makamaka ya chinthu chimodzi chomwe ndinapanga imvi zitayamba kale, chifukwa ndi chimene ndimanyadira kuposa zonse.

Zaka zoyamba

Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ananditumiza ku chipatala china cha mishoni m'boma la Phalombe ngati wokonza zipangizo. Ndinafika m'nyengo ya fumbi, nditakwera pamwamba pa matumba a simenti pa lole, msewu usanaikidwe phula. Bwana wanga woyamba anali a Likoswe, mkulu wamfupi wa ku Thyolo amene sankayankhula ndi munthu asanamwe tiyi. Tsiku loyamba anandilowetsa m'chipinda chodzaza makina akufa, ena oyamwira magazi, ena ophikira zitsulo za opaleshoni, ena osadziwika n'komwe ntchito yake. Ine ndinafunsa ngati ndiyambe ndi kutaya zinyalalazo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mbewe, kuno chakufa ndi mankhwala a chodwala." Ndipo zinalidi choncho. Fyuzi, babu wa maikolosikopu, ngakhale kasikuluwu, zonse tinkazula m'chipinda chimenecho, chifukwa katundu woitanitsa ku tauni ankatha kufika wodwala atachira kale kapena titamuika m'manda.

Patapita zaka anandisamutsira ku Jenala kukayang'anira mafiriji a sola osungira katemera m'zipatala zazing'ono za kumeneko. Ndinkayenda pa njinga yakapalasa, mapulayala ali m'thumba, ndipo m'dzinja njingayo ndi imene inkakwera ine. Kumeneko ndinaphunzira kudya nyemba za kalongonda, kumva Chilomwe pang'ono, ndiponso ndinapeza mayi anu. A Likoswe atapuma ndinabwerera ku mishoni kukatenga malo awo, ndipo ndinakhala komweko mpaka mapeto.

Chaka chomwe mphenzi inagwa

Pachipatala pathu panali a Mulepa, kiliniko ofesala wa konkuno ku Phalombe, amene anakaphunzira za matenda a makutu. Anali ndi makina amodzi oyezera kumva, omwe tinapatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino. Ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa. Munthu amavala mahedifoni, makina n'kumatulutsa mawu m'khutu limodzi, ena okwera ngati mluzu, ena otsika ngati ng'oma, kuyambira apansipansi n'kumawonjezera mphamvu. Munthuyo akamva amakweza dzanja. Potero a Mulepa ankadziwa mawu omwe khutu likuwamva ndi omwe likuwataya. Dzinja lina mphenzi inamenya mawaya a magetsi n'kuwotcha makinawo. Nditawatsegula ndinapeza mtima wake wapsa, ndipo kampani yomwe inawapanga inali itasiya kalekale kupanga zoterozo. Mahedifoni okha ndi amene anapulumuka. A Mulepa anabwerera ku njira yakale yoima kumbuyo kwa munthu n'kumanong'ona, njira yomwe imagwira wogontha kwambiri koma yophonya amene akumva mwa theka.

Miyezi ingapo pambuyo pake kunabwera mayi Namaona, mphunzitsi wa pulayimale ku Nkhulambe. Anadzera pa kabaza chifukwa cha mtsikana wa m'kalasi mwawo dzina lake Estere, yemwe ankabwereza sitandade sikisi. Anati mwanayo zolembedwa pa bolodi amazigwira msanga kuposa anzake, koma zonenedwa pakamwa zimamudutsa, ndipo kunyumba amamutcha wamwano chifukwa akamuitana satembenuka. Bambo ake, a Makwinja, anali atagwirizana kale ndi amalume ake a mwanayo kuti chaka chikatha asiye sukulu azithandiza kumunda. Zopita naye ku Blantyre anakana, ati mwana wosadwala sapita kuchipatala chachikulu. A Mulepa anawauza mayiwo kuti alibe choyezera. Ine ndinali pomwepo ndikukonza soketi, ndipo mayi aja atatuluka, a Mulepa anandifunsa ngati palibedi chomwe ndingachite. Ndinayankha kuti andipatse nthawi, ngakhale sindinkadziwa poyambira.

Chilimwe cha chaka chomwecho

M'sitolo ya chipatala munali timakompyuta tating'ono ngati sopo wochapira, totsala pa ntchito ina yolemba mayina a odwala yomwe inathera panjira. Ndinatenga kamodzi n'kulumikiza mahedifoni aja. Mawu ankatuluka, koma pansi pake pankamveka phokoso ngati mvula yogwa pa malata patali, ndipo mawu apansipansi, omwe ndi ofunika kwambiri poyeza khutu, ankamira m'phokosomo. Ndinakuimbira foni iwe Tadala, nthawi imeneyo uli ku koleji ku Blantyre, ndipo unandiuza kuti pali kabolodi kapadera kobayika pamwamba pa kakompyutako, komwe amisiri amakatcha DAC. Ife tinkangoti daki. Unakafunafuna mpaka kukapeza, n'kukatumiza pa minibasi katakulungidwa m'sokosi.

Kwa inu amene simunaphunzire zamagetsi, ndifotokoze mwachidule. Kompyuta simadziwa mawu, imadziwa manambala okha. Daki imalandira manambalawo motsatizana mofulumira kwambiri, n'kusandutsa nambala iliyonse kukhala mphamvu ya magetsi yofanana nayo, yaikulu ikakhala yaikulu, yaing'ono ikakhala yaing'ono. Magetsi okwera ndi kutsikawo akafika m'mahedifoni amagwedeza kachikopa ka m'katimo, khutu n'kumva mawu. Choncho amene akulamulira manambala ndiye akulamulira mawu, kukwera kwake ndi mphamvu yake yomwe. Vuto linali lakuti manambalawo amafuna pulogalamu, ndipo ine munthu wa mapulayala ndinali ndisanalembepo pulogalamu chibadwire. Ndinaphunzira ndili ndi magalasi pamphuno, ndikubaya mabatani ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola chimanga, Tadala akundikonza pa foni Loweruka lililonse. Anamwino ankadutsa pawindo n'kumaseka kuti a Mbewe alowa sukulu ya mkaka.

Masana ena mluzu woyamba unalira, woyera bwino. Ndinavula mahedifoni n'kuwavalanso kuti nditsimikize kuti si khutu langa lomwe likulira. Koma mavuto anali asanathe. Tikalumikiza ku magetsi a pakhoma pankabwera kung'ung'udza, ndiye ndinasintha n'kuika batire la njinga yamoto. Kenako a Mulepa anaona kuti mluzu uliwonse ukamayamba pamamveka kakuti thi, ndipo munthu akhoza kukweza dzanja chifukwa cha kameneko, mluzu weniweniwo asanaumve. Ndinakonza pulogalamu kuti manambala aziyamba pang'onopang'ono n'kumakula, potha azichepanso chimodzimodzi, ndipo kaphokoso kaja kanatha. Pomaliza panafunika njira yotsitsira mawu kufika pansi penipeni, pomwe khutu labwino limangomva movutikira. Apa ndinazula tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi m'makina akale oyezera kumva aja n'kutiwotcherera pakati pa daki ndi mahedifoni. Kalipentala wa pamishoni anatipangira kabokosi ka pulayiwudi kokhala ndi chogwirira.

Tsiku lobweza anthu

A Sisitere oyang'anira chipatala atamva mluzuwo anasangalala kwambiri, moti analengeza m'tchalitchi ndi m'masukulu kuti Lachinayi lina kudzakhala kuyeza makutu. Sanalakwe, chifukwa ine ndemwe ndinawauza kuti makina atheka. Tsikulo anthu anafika dzuwa lisanakwere. Ena anachokera m'midzi ya m'mbali mwa phiri, ena ku Nkhulambe, wapansi ndi panjinga, ana ali kumbuyo. Mayi Namaona anali atawanyengerera a Makwinja mpaka kubwera ndi Estere. Tisanatsegule chitseko ndinati tiyeserere pa anthu omwe tikudziwa kuti amamva bwino. Ndinayeza a Mulepa, makina n'kuonetsa kuti khutu lawo lamanzere likutaya mawu okwera. Ndinayeza namwino wachitsikana, zomwezo. Wina, zomwezonso. Nditatembenuza mahedifoni, chilema chija chinasamukira kumanja. Apo ndinadziwa kuti odwala si anthuwo koma makina, ndiponso kuti ngati mbali imodzi ikunama, inayo sindingailumbirire.

A Sisitere anabwera n'kundipempha modekha kuti tiyeze ndi mbali yabwinoyo, tizingotembenuza mahedifoni. Anati anthu asiya ntchito zawo, ena sanadye, ndipo tikawabweza sadzakhulupiriranso chilengezo cha chipatala. Zonsezo zinali zoona. Ndinayang'ana a Mulepa, iwo n'kunena kuti, "Makina ndi anu, a Mbewe. Mukati tiyambe, tiyamba. Mukati ayi, ndiima nanu." Ndinakhala pansi kaye. Ndinaganiza za mwana womva bwino amene tingamulembe kuti ndi wogontha, ndi wogontha amene tingamuuze kuti ali bwino, makolo n'kupita naye kunyumba kukapitiriza kumukalipira ali ndi umboni wa chipatala. Ndinauza a Sisitere kuti sindingalole, ndipo popeza makinawo ndinapanga ndine, wokauza anthu ndikhalanso ine.

Ndinatuluka n'kuima pamaso pa anthu. Ndinawauza kuti makina ali ndi vuto ndipo sindikufuna kuwanamiza. Anthu sanakuwe. Anangoyamba kumanga ana kumbuyo, ena akuyankhula motsitsa m'Chilomwe, ndipo zomwe ndinamvapo sizinali zonditamanda. A Makwinja, bambo wamtali wowonda, anadikira ena achoke n'kubwera pafupi. Anati, "Ndasiya nandolo akuthetheka m'munda chifukwa cha inu. Kuno sindidzabweranso." Ndinawayankha kuti sadzafunika kubwera, ndidzawatsata ine kwawo. Estere anali chapatali akuyang'ana pakamwa pathu, ndipo anatsatira bambo ake atawaona akutembenuka.

A Sisitere anakhala masiku angapo akundipatsa moni wa mutu wokha. Koma m'mawa wina anandiitanitsa n'kundiuza kuti ambulansi ikupita ku Blantyre ndipo mpando wakutsogolo ndi wanga ndi bokosi langa.

Ulendo wa ku Blantyre

Ku chipatala chachikulu, kumbali ya makutu, ndinalandiridwa ndi mayi wina katswiri woyeza kumva. Ndinkaopa kuti aseka pulayiwudi wanga, koma anangopempha kuti nditsegule aone m'kati, n'kufunsa mafunso ambiri anzeru. Anali ndi chipangizo chomwe ndinali ndisanachionepo, chokhala ngati khutu lachitsulo, chomwe umachiveka mahedifoni n'kukuuza mphamvu yeniyeni ya mawu omwe akutuluka. Sipanatenge nthawi kuti tipeze wolakwa. Kamodzi mwa tizipangizo tomwe ndinazula m'makina akale kanali katalawidwa ndi mphenzi ija, kosaoneka ndi maso. Tinakasintha. Kenako tinakhala tsiku lonse, iwo akuwerenga pa khutu lachitsulo, ine ndikusintha manambala m'pulogalamu, mluzu uliwonse pawokha, khutu lililonse palokha, mpaka zomwe kompyuta inkanena zinafanana ndi zomwe zinkatulukadi. Apa ndi pomwe ndinaona ubwino wa daki, chifukwa ukaiuza nambala lero, mawa idzatulutsa mphamvu yomweyo osasintha maganizo.

Mawa lake tinayeza odwala awo pa makina awo odula, kenako pa bokosi langa, iwo osandionetsa zotsatira zoyambazo. Titaziika pamodzi zinkayendera limodzi. Mayiwo anati bokosilo tikhoza kumasankhira nalo amene akufunika thandizo, malinga opezekawo tiziwatumiza kwa iwo kuti akatsimikize, ndiponso ndizibwera nalo chaka ndi chaka kudzaliyezanso. Pobwerera ndinalinyamula pamiyendo njira yonse ngati khanda.

Mvula isanayambe, ku Nkhulambe

Tinapita ndi a Mulepa pa njinga yamoto, bokosi lili kumsana kwanga litakulungidwa m'bulangete. Pasukulu panali phokoso, choncho akuluakulu a mpingo anatibwereka kachipinda kosungira zovala za abusa kumbuyo kwa tchalitchi. Mayi Namaona anabweretsa Estere ndi mayi ake. A Makwinja anali kumunda akukumba chinangwa, ndipo anatumiza mawu akuti tichite zathuzo. A Mulepa anamufotokozera mwanayo akumuyang'ana kumaso, n'kumuveka mahedifoni. Mawu otsika ankawamva, dzanja linkakwera msanga. Titafika pa okwera, ndinkawonjezera mphamvu, ndikuwonjezeranso, dzanja lili pamwendo. Linadzakwera mawuwo atafika poti ine ndinkawamva ndili chapatali. Makutu onse awiri anali choncho. A Mulepa atafunsa, mayi ake anakumbukira kuti mwanayo ali wamng'ono anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, ndipo kuyambira pamenepo anakhala mwana wachete.

Mayi ake analira pang'ono, kenako anadzuka n'kupita okha kumunda. Anabwera ndi amuna awo, khasu lili paphewa. A Makwinja anaima pakhomo, a Mulepa n'kuwaonetsa mizere pa sikirini, koma mizere sinawauze kanthu. Bambowo anati mwana amene amamva ng'oma ya kutchalitchi ali kudambo sangakhale wogontha. Apo a Mulepa anandifunsa ngati makinawo angathe kumuonetsa munthu mmene wina amamvera. Ndinati tiyese. Ndinajambula mawu a mayi Namaona akuitana Estere kuti akatunge madzi, n'kuuza pulogalamu kuti ichepetse mawu okwera molingana ndi zomwe tinapeza m'makutu a mwanayo. A Makwinja anakana kaye, koma akazi awo anawagwira mkono n'kuwakhazika pa benchi. Poyamba ndinawamvetsa mawu osasintha, ndipo anagwedeza mutu kuti amva. Kenako ndinawamvetsa osinthidwa aja. Anakwinya nkhope n'kufunsa ngati mayiwo akuyankhulira m'mtsuko, chifukwa akumva kuti ndi munthu koma sakugwirapo liwu ndi limodzi lomwe.

A Mulepa anati, "Bambo, umu ndi mmene Estere amakumverani inuyo tsiku lililonse."

Anapempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anavula mahedifoni mosamala ndi manja awiri n'kuwaika pa tebulo. Kenako anadzuka, anazungulira mpaka kutsogolo kwa mwana wawo, n'kunjuta kuti nkhope zawo zilingane. Anayankhula m'Chilomwe pang'onopang'ono, ndipo chomwe ndinaphunzira ku Jenala chinandikwanira kumva. Anamufunsa chifukwa chake sankanena kuti sakumva. Estere anayankha kuti ankayesa anthu onse amamva choncho, ndipo iye yekha ndiye wopusa. Bambo aja anaphimba nkhope ndi chipewa. Ife tonse tinatuluka panja kuti tiwasiye.

Tisananyamuke a Makwinja anabwera pomwe tinaimika njinga, atanyamula chinangwa, n'kufunsa a Mulepa tsiku lomwe ambulansi ipitenso ku Blantyre. Estere anamuperekeza okha. Kumeneko anatsimikiza zomwe tinapeza ndipo mwanayo anapatsidwa tizipangizo tovala m'makutu. Mayi Namaona anamuika pa benchi yakutsogolo. Chaka chotsatira sanabwerezenso kalasi, ndipo nthawi itakwana anasankhidwa kupita ku sekondale. Nkhaniyi inayenda m'midzi kuposa chilengezo chilichonse, moti anthu omwe ndinawabweza tsiku lija anabweranso ndi anansi awo. A Sisitere anaitanitsa madaki ena, ndinapanga mabokosi owonjezera, ndipo limodzi linapita ku Jenala. M'masukulu momwe tinayenda tinapeza ana ambiri omwe ankatchedwa mbuli kapena amwano, ena vuto lawo linali phula lodzaza m'khutu basi, lomwe a Mulepa ankachotsa tsiku lomwelo.

Sabata yomaliza

Nthawi yopuma itakwana ndinaphunzitsa wolowa m'malo mwanga kutsegula mabokosi aja, kusintha batire ndi kupita nawo kokayezetsa. Lachisanu lomaliza ndinapita kukatsanzika kwa a Mulepa, ndipo anati sindingachoke ndisanakhalepo pa mpando wa odwala. Zoonadi, zaka zonsezo ndinkayeza ena, ine osayezedwa mpaka mapeto. Ndinavala mahedifoni ndikuseka. Kumanja zinayenda bwino. Kumanzere ndinakhala ndikudikira mluzu, n'kumadabwa kuti akuchedwa chiyani kubaya batani, mpaka ndinaona kuti chala chawo chili kale pabatanipo. Anatembenuza sikirini n'kundionetsa mzere wotsetsereka ngati njira yochokera kuphiri. Anati ndi ukalamba, kuphatikizapo majenereta omwe ndakhala ndikuwerama pambali pake moyo wonse.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti makinawo alakwitsa, koma a Mulepa anandidula. Anati, "Nenani, a Mbewe. Tikadandaule kwa amene anawapanga." Ndinatseka pakamwa. Nditafika kunyumba ndinawauza mayi anu, ndikuyesa andimvera chisoni. Anasiya zomwe ankachita, anandiyang'ana, n'kunena kuti iwo akhala akunena zimenezi kuyambira kale popanda batire. Kuchokera tsiku limenelo amakhala kudzanja langa lamanja, ndipo chilichonse chomwe anena ndimamva.